Makina Amene Anatuluka Khomo Lakuseri

Nkhaniyi ndinaimva ndikusoketsa chikwama changa m'tauni ina, zaka zija ndinkagona paliponse pamene basi yandisiya.

Panali telala wina m'dera la nyumba zothithikana, kumene achinyamata amangoswera pamlatho kusowa ntchito. Boma litabweretsa pulogalamu yotukula mabizinesi ang'onoang'ono, iye analandira makina osokera atsopano. Lamulo linali limodzi: oyendera akabwera, apeze makinawo akugwira ntchito. Owapeza akusoka ndi amene adzapatsidwe ntchito ya mayunifolomu a sukulu.

Mlamu wake analandiranso, koma anagulitsa sabata yomweyo. Tsiku loyendera anatulukira kwa telala m'mamawa.

"Alamu, ndibwerekeni makina. Oyendera ayambira kwathu kumtunda. Akangoona ndibweza kudzera kuseri, asanafike kuno."

Mkazi wa telala anati, "Bambo a mwana, awa ndi achimwene anga, ndimawadziwa. Wilibala ija anabweza? Musapereke."

"Mayi, anthu adzati ndine wouma mtima."

"Azinena. Inu muzisoka."

Telala anapereka.

Msewu wakumtunda unali matope, choncho oyendera anayambira kumunsi. Anamupeza telala atakhala patebulo lopanda kanthu, tepi ili m'khosi.

"Makina ali kuti, bambo?"

Kunena zoona kunali kumangitsa mlongo wa mkazi wake. "Ali kokonzetsa."

"Atsopano? Nonse mumatero."

Anamuchotsa m'pulogalamu pomwepo. Atafika kumtunda anapeza mlamu uja akupalasa makina opanda ulusi, thukuta lili kamukamu. Anamuyamikira, kumujambula chithunzi, ntchito ya mayunifolomu nkumupatsa.

Madzulo telala anapita kukatenga makina ake.

Mlamu uja anati, "Alamu, akuti azingobwera osanena tsiku. Makinawa akachoka pano, tonse tamangidwa. Komanso ine kusoka sinditha, mukudziwa. Bwanji ndikulembeni ntchito?"

Anabwerera kunyumba chimanjamanja. Mkazi wake anangochotsa tebulo lija pakhomo.

Chikwama changacho anasoka ndi telala yemweyo, pakhonde la mlamu wake, pa makina ake omwe. Ndipo anayamba wapempha chilolezo kwa abwana.

Ine ndinanyamuka, kunja kunali kutada ndipo basi sidikira munthu.

Phunziro: Chimene mwapatsidwa kuti mudyetse nacho ana, musabwereke munthu kuti akanamizire, ngakhale ndi m'bale. Bodza lake mudzalilipira ndinu. Ndipo mkazi akamanena za achimwene ake, mverani. Tumizirani ena, makamaka amene akudikira oyendera.