Mlonda Wosakondera

"Abambo, mwanayu watentha ngati mbaula," anadandaula mkazi wa mlonda pakhomo la chipatala.

Mlondayo anayang'ana mzere wautali wa odwala. Anthu ankamutcha Mwala chifukwa sankalola aliyense kudumpha mzere, ngakhale abusa.

"Kaimeni kumbuyo, mayi a mwana," anayankha mlondayo.

Anthu pamzerepo anakuwa. "Inu a Mwala, mulibe mtima? Magazi anu omwe! Aloleni alowe!"

Mwana anabuula. Mlonda anatsegula chitseko, mkazi wake n'kulowa, anthu n'kuwomba m'manja.

Asanatseke n'komwe, mayi amene anakuwa kuposa onse anamugwira mkono akumwetulira.

"Mwachita bwino achimwene, lero mwasanduka munthu. Mawa ndikubwera ndi apongozi anga, miyendo imawavuta. Ndiyang'anitsitseni, musadzandiiwale."