Bambo Akutsatsabe Tomato

Ndinawaona komaliza bambo ali moyo atakhala pakhonde, akuphunzitsa makina kutsatsa tomato wawo. Masiku ano kukuwa pamsika n'koletsedwa, malonda amatsatsidwa ndi makina m'mafoni a anthu. Ine, amene ndinasiyira panjira maphunziro a kompyuta kukoleji, ndinawakonzera nthambi za zoti makinawo azitsatira: ngati munthu wagula, amuthokoze, ngati wagula kawiri, amulonjeze basela, ngati watha mwezi osagula, amufunse. Iwo anajambula mawu awo pa nthambi iliyonse.

Atamwalira, anthu anasiya kugula kwathu. Ankachita manyazi kudzanenerera mtengo panyumba ya maliro, ndipo tomato anayamba kuwolera m'madengu.

Mwezi utatha, a Nangozo oyandikana nafe anafika mpango uli pambali, foni ili m'manja. Munali mawu a bambo: "Mayi, simukuoneka. Mwadwala, kapena tomato wanga wakulakwirani?"

"Bambo akowa ngakhale kumanda sakundisiya," anatero, akuseka misozi ikutsika. "Thira wa ndiwo ziwiri, basela usaiwale."

Pofika masana pabwalo panadzaza anthu ndi mabeseni, aliyense akuonetsa mnzake foni kuti amve funso lomwelo, ena akuwayankha bambowo mwaulemu kuti ali bwino.

Mlongo wanga Esinta anandikokera pambali. "Achimwene, lamulo likuti mawu a womwalira aikiridwe tsiku lowazimitsa. Ikani inuyo, ine sindingathe."

Makinawa sadziwa kalendala, amangodikira tsiku limene wawapatsa mpaka lifike. Ndinatenga foni n'kulemba.

30 Febuluwale.