Chosowa pa Piyano Yatsopano

A Douwe anali chogwada kuseri kwa tebulo, chingwe china m'kamwa, china m'manja. Mawondo ankadandaula, koma eni ake sanawamvere.

Chisamukireni ku Franeker kudzakhala m'nyumba yam'mwambayi ku Leeuwarden, akazi awo, a Sietske, anali asanalizeko nyimbo. Piyano yawo yakale inakana kukwera masitepe. Onyamula katundu anaiyesa chakutsogolo, anaiyesa cham'mbali, kenako anapukusa mitu. Inapita kwa wogula zinthu zakale pamodzi ndi fungo lake la chinyontho ndi kiyi yake imodzi yakufa, yosalira ikadinidwa, imene a Douwe analonjeza kuikonza chaka chimene anakwatirana. A Sietske ankakumbutsa amuna awo chilichonse, mankhwala, chipewa, tsiku lotulutsa zinyalala, koma za kiyiyo sanakumbutsepo. A Douwe ankati kumeneko ndiye kuleza mtima kwachikhristu.

Kunyumba yakale tsiku linkayamba ndi salimo. A Sietske ankaliza piyano, a Douwe ali kukhitchini kufulula khofi ndi kudula tchizi. A Douwewo sanali munthu woimba. Ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza milomo, poti ali mwana aphunzitsi anawauza kuti mawu awo ndi a chitseko chosowa mafuta.

Kuno tsiku linkayamba ndi kulira kwa firiji. A Sietske ankakhala pawindo, manja pamiyendo, ndipo buledi ankabwerera kukhitchini atangolumidwa kamodzi. A Douwe ankaona malaya a akazi awo akukula thupi likuchepa, ndipo ankachita mantha.

Ndiye anagula piyano yamagetsi, yopepuka moti anaikweza masitepe ndi mwana wawo Tjitske. Mwanayo anawasiyiranso kompyuta yake yakale. M'menemo munali pulogalamu yokhala ndi mawu a piyano yaikulu, ya m'maholo mmene anthu amalowa atavala masuti. Chingwe chimodzi chinkachoka ku piyano kupita ku kompyuta, china ku kompyuta kupita ku kabokosi, ziwiri ku kabokosi kupita ku masipika. Atalowetsa chomaliza, a Douwe ananong'ona kapemphero, n'kudina makiyi onse kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Onse anayankha.

"Bwerani, mayi," anatero akudzuka movutikira. "Palibe kiyi yakufa ngakhale imodzi. Ndakwaniritsa lonjezo."

"Mwafulumira, bambo," anayankha a Sietske.

Komabe anabwera. Anakhala pansi, anapukuta zala pasiketi, nayamba salimo la m'mawa lija. Mawu anadzaza chipinda, oyera ngati madzi. A Douwe anaima pambuyo pawo akumvetsera.

Pakati pa mzere wachiwiri a Sietske anaima.

"Pali chikusowa," anatero.

A Douwe sanadandaule. Tjitske anali atawachenjeza kuti nthawi zina chala chimadina koma mawu amafika mochedwa, ngati mlendo wochokera kutali. A Douwe anavala magalasi, anasaka m'pulogalamumo mpaka anapeza poti achepetse kuchedwako. A Sietske anayambanso. Anaimanso pomwe paja.

Ndiye kuti vuto ndi masipika. A Douwe anawachotsa kukhoma, anawakweza pa mabuku a nyimbo kuti alingane ndi makutu, anawatembenuza pang'ono kuti ayang'ane woliza. Anasintha chingwe cha kumanzere poganiza kuti chikuba mawu okhuthala. Kenako anapeza batani lochititsa kuti chipinda chawo chaching'onocho chimveke ngati tchalitchi chachikulu cha miyala. Mayi wa m'nyumba yapansi anakwera masitepe kudzanena kuti zikumveka bwino kwambiri, ndipo anasiya makeke awiri m'kambale.

A Sietske anathokoza mayiyo, analiza mzere woyamba, anaima pakati pa wachiwiri.

Panja mvula inali itayamba kupendekera ndi mphepo. Khofi wa m'mawa anali asanafululidwe, tchizi asanadulidwe, poti mwini ntchitoyo anali pakati pa zingwe chiyambire kucha. A Douwe anakhala pamphepete pa sofa. Zinali zoonekeratu tsopano. Makina ndi makina. Khutu lozolowera thabwa ndi waya silinganamizidwe ndi kompyuta, ndipo iwo anapereka piyano yeniyeni kwa wogula zakale osamenya nkhondo. Anayamba kuganiza za makatoni amene zinthuzi zinabweramo, ndi za windo lija kumene akazi awo abwerere.

A Douwe anadzukanso komaliza, n'kufika pafupi ndi piyano.

"Mayi, ndayesa zonse. Nthawi zonse mukuima pa kiyi iyi. Koma ikulira. Tamvani."

Anaidina katatu. Inalira katatu, bwinobwino.

"Ndikuimva, sindine gonthi," anatero a Sietske. "Imeneyi ndi ija inali yakufa."

"Nanga chikusowa n'chiyani?"

A Sietske anachotsa chala cha amuna awo pakiyipo, koma sanachitaye.

"Zaka zonsezi ndikafika apa piyano inkakhala chete, mawuwo n'kuchokera kukhitchini. Munkawaimba inuyo osadziwa, mpeni uli pa tchizi. Ipheni kiyiyi, bambo, mupite mukafulule khofi."