Maness Apeza Gawo Lalikulu

Maness anakhala panjinga ya olumala kuseri kwa nsanja, atafunda chitenje m'miyendo, akubwereza mawu ake chamumtima. Dzuwa la pa Ntaja linkaswa mtengo. Kutsogoloko anthu anali atadzaza bwalo la mpira, ena atakwera m'mitengo ya mango.

Chiyambire zisudzo, anali asanaonepo khamu lotere.

Anayamba ali Fomu 2 kwawo ku Utale, ndipo aphunzitsi ankati mwanayu adzafika patali. Atalemba mayeso analowa gulu la masewero la ku Balaka, lomwe linkazungulira m'misika kuphunzitsa za kolera. Bungwe lomwe linkawathandiza litachoka, gululo linabalalika. Kenako kunabwera anthu a filimu ochokera ku Blantyre. Maness anasenza ndowa ya madzi masiku atatu kamera ikumutsata, koma filimuyo itatuluka munangooneka msana wake, kamodzi kokha. Kuyambira pamenepo mayi ake akamva mawu oti zisudzo ankangotola khasu n'kumupatsa.

Mvula inakana zaka ziwiri zotsatizana. Khasu nalo silinamudyetse.

Ndiye kunatulukira a Godfrey, mkulu wa tayi amene anamuonapo akusewera pamsika wa Balaka. Anati akufuna mtsikana wodziwa kulira, wa nkhope yosadziwika ku Machinga. Gawo lake linali la mtsikana amene anafa miyendo atagwa pathirakitala. Maness anakonzekera milungu itatu. Anaphunzira kulekerera mapazi kuti azilendewera ngati nsanza, kudzikweza ndi mikono yokha, ndi kusaphethira ngakhale wina amutsine pabondo.

A Godfrey anatulukira kuseriko akupukuta thukuta ndi kampango.

“Mwakonzeka, achemwali?”

“Ndakonzeka.”

“Musafulumire. Dzana lija poyeserera munafulumira. Anthu ayambe alira kaye.”

“Nanga za ku Lilongwe zija?”

“Tione za lero. Mukachita bwino, Nsanje ndi Mchinji mupita nafe.”

Maness anangogwedeza mutu. Malonjezo okasewera ku Lilongwe ankawamva chaka ndi chaka kwa anthu osiyanasiyana, ndipo mtima wake unaleka kale kudumpha. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, anali atazindikira kuti mwina gawo lalikulu m'moyo mwake ndi lomweli. Anangofuna kulisewera bwino, kuti tsiku limodzi lokha anthu amukhulupirire.

Ng'oma ndi magitala zinaleka. A Godfrey anakankha njingayo kukwera pathabwa mpaka pansanja. Bwalo lonse linati zii. Maness anagwetsa mutu, nayamba kusimba za thirakitala ija pa maikolofoni, mawu akunjenjemera. Misozi inabwera yokha, pa nthawi yake. Amayi a kutsogolo anayamba kusisima, bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakayika.

Apo mneneri wa suti yoyera, amene khamu lonselo linadzera, anamugwira pamutu, nafuula kuti, “Mwana wanga, dzuka uyende!”

Maness anadzuka pang'onopang'ono monga anagwirizanirana ndi a Godfrey. Pansi pa nsanja, mayi wina anayamba kukankhana ndi khamu, atanyamula m'mwamba mwana wake wamkazi wopuwala miyendo, akupempha kuti nayenso amufikitse kwa mneneriyo.