Ziro wa Bambo

"Mashopu akufa atichepera," anadandaula Pulofesa, akuloza pakompyuta. "Shopu yamoyo timailemba wani, yakufa ziro. Popanda maziro okwanira, masamuwa sangatiuze chimene chimapha bizinesi."

Mtsikana amene Pulofesayo ankamuphunzitsa kafukufuku anangoti zyolii, maso ali psuu.

"Watani iwe?"

"Eni nyumba atseka shopu ya bambo dzulo. Atenga ndi makina osokera omwe. Bambo sakudya, sakuyankhula."

Pulofesa anavula magalasi. "Pepa, mwanawe. Koma shopuyo ili m'kafukufuku wathu?"

"Ilimo."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Mtsikanayo anafufuta wani, nalemba ziro. Masamu amene ankakana chaka chonse anatheka pomwepo.

Madzulo bambo ake anatsegula pakamwa koyamba.

"Sukulu ikuyenda, mwanangu?"

"Lero ndiye yayenda, bambo."