Mbuzi Zitasiya Kulira

Mirriam ankadyetsa mbuzi za anthu ofufuza mankhwala paphiri la kuseri kwa Malomo. Zonse zinali zotsimphina. Madokotala ankazibaya kadontho ka poizoni wa m'nyama yowola, uja amapha ng'ombe, kuti aone ngati angathetse ululu. Sabata isanathe, mbuzi zinasiya kulira.

Kunyumba, amuna ake, a Reinford, ankabuula usana ndi usiku kuyambira tsiku limene ngolo ya fodya inawaponda m'chiuno.

"Make Iness, ingondibera kabotolo kamodzi," ankatero.

"Mukufuna mundifere m'manja? Za mbuzi zimenezo!"

Lachinayi kutangoda, Mirriam anakumbukira kuti sanatseke khola. Anatenga tochi n'kukwera phiri.

Chitseko chinali pululu. Kabati ya mankhwala inali yokhoma monga anaisiyira. Koma pakati pa mbuzi panaima a Reinford, mowongoka bwinobwino, opanda ndodo. Msomali unali utawalasa kuphazi n'kutulukira pamwamba, magazi akuchucha.

"Abambo, mwafika bwanji kuno?"

"Ndayenda." Milomo yokha ndiyo inagwedezeka, nkhope yonse ili ngati youmba ndi dothi. "Zatha, Make Iness. Sindikumvanso kanthu."

Pamenepo mbuzi yakuda inachoka pakona, ikukwawa ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikungokwekwereka pansi. Inafika pamapazi a Mirriam, n'kumuyang'ana m'maso.

"Mayo ine, chiuno changa," inabuula ndi mawu a amuna ake. "Make Iness, tanditembenuza, ndatopa."