Waya wa m'kabokosi ka fyuzi

Bambo Gyang, amisiri a zamagetsi, anazimitsa magetsi, n'kutsegula kabokosi ka fyuzi ya makina otenthetsera madzi a dziwe losambiramo la kwa Mayi Kaneng, kuti aikepo soketi. Pamalo pa fyuzi panali waya wamkuwa, wakuda ndi kupsa. Anauzindikira. Anaupota okha zaka zitatu zapitazo, mwamuna wa Mayi Kaneng akadali moyo, tsiku lomwe Bambo Gyang anachita ulesi kukagula fyuzi kumsika wa Jos.

M'dziwemo adzukulu a mayiwo ankasambira akukuwa.

Mayi Kaneng anasuzumira m'kabokosimo.

"Mbuzi inachita izi ndani? Ikanandiphera ana!"

"Anyamata amakonowa, mayi. Masatifiketi mbwee, nzeru zilibemo."

"N'chifukwa chake ndimaitana inu, baba. Taukwezani ndiujambule, anzanga aone."

Bambo Gyang anaukweza wayawo, maso ali pansi.